Kodi mwana wa ku Katete angakasewere hockey ya pa madzi oundana ku Olimpiki ya achinyamata?

Aphunzitsi a zamasewero pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Katete anditumizira imelo imene ndaona kuti ndi bwino kuiyankhira pano, popeza funso lawo lingathandizenso makolo ndi aphunzitsi ena. Iwo alemba kuti: "Ana anga anaona pa foni kanema wa anyamata ndi atsikana a msinkhu wawo akusewera hockey pa madzi oundana, atavala malaya olembedwa mayina a mayiko awo, ndipo pomaliza anavekedwa mamendulo pansi pa mbendera ya mphete zisanu. Andipanikiza ndi mafunso mpaka ndasowa chowayankha. Kodi mpikisano umenewu ndi wotani, amasewera motani, nanga mwana wa kuno kwathu atafunitsitsa angathe kukafikako?"

Zikomo kwambiri, Aphunzitsi, chifukwa chosawabweza anawo ndi mawu akuti zimenezo ndi za azungu. Ndiyamba ndi funso lomalizalo, pakuti ndikudziwa kuti ndi limene iwo akudikira: malinga ndi mmene zinthu zilili panopa, mwana wokulira ku Katete, ku Chipata kapena ku Lundazi sangathe kukaimira Zambia pa mpikisano umenewo. Komabe chimene chatseka njira si dzuwa la mu Okutobala monga ambiri amaganizira, chifukwa hockey ya mipikisano imaseweredwa m'nyumba, pa ayezi wopangidwa ndi makina, ndipo mayiko otentha kuposa lathu ali nawo mabwalo otere. Chotseka njira ndi kusowa kwa bwalo ndi kusowa kwa bungwe, ndipo kuti zimenezi zimveke ndiyenera kufotokoza kaye za mpikisanowo.

Zimene ana anu anaona ndi gawo la Masewero a Olimpiki a Achinyamata a nyengo yachisanu, amene amayendetsedwa ndi bungwe la International Olympic Committee, mwachidule IOC. Ganizo lake linachokera kwa Jacques Rogge, dokotala wa ku Belgium amene anali mtsogoleri wa bungweli, ndipo linavomerezedwa pa msonkhano wa ku Guatemala City m'chaka cha 2007. Masewero a nyengo yotentha anayambira ku Singapore mu 2010, pamene a nyengo yachisanu anayambira ku Innsbruck m'dziko la Austria mu Januwale 2012, kenaka anachitikira ku Lillehammer ku Norway mu 2016, ku Lausanne ku Switzerland mu 2020, ndi m'chigawo cha Gangwon ku South Korea mu 2024. Otsatira anaperekedwa ku dziko la Italy kuti adzachitike mu 2028. Opikisana amakhala a zaka 15 mpaka 18, koma pa hockey amatenga ocheperapo, a zaka 16 kutsika m'munsi, ndipo okulirapo ali kale ndi mipikisano yawo ya dziko lonse ya osapitirira zaka 18 ndi ya osapitirira zaka 20. Choncho ana anu sanalakwitse poona kuti osewerawo ndi anzawo a msinkhu umodzi.

Bwalo lake limakhala la mamita 60 m'litali ndi pafupifupi 30 m'lifupi, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a bwalo la mpira wamiyendo, ndipo limazunguliridwa ndi khoma lofika m'chiuno lokhala ndi magalasi olimba pamwamba pake. Khomali si malire chabe ayi, ndi mbali ya masewero, chifukwa wosewera wochenjera amalimenyetsa dala puck kuti ibwerere kwa mnzake, ndipo popeza magolo sanagunde khoma lakumapeto, masewero amapitirira ngakhale kuseri kwa golo. Puck ndiyo imatenga malo a mpira. Ndi kachimbale kakuda ka labala wolimba, kofanana ndi kachitini ka polishi wa nsapato, kotambalala masentimita 7.6, kochindikala masentimita 2.5, kolemera magalamu 156 mpaka 170. Masewero asanayambe amaisunga pozizira kwambiri kuti iume gwa, chifukwa labala wofunda amanjanja, pamene wozizira amatsetsereka mosalala. Golo lake ndi laling'ono, la mamita 1.83 m'lifupi ndi 1.22 kutalika, ndipo golokipa atavala zodzitetezera zake amalidzaza pafupifupi lonse.

Chinthu chimene ndikupemphani kuti muwaonetse ana mwachifatse ndi nsapato, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo. Kunsi kwa nsapato iliyonse kuli chitsulo chopyapyala cha mamilimita pafupifupi atatu, ndipo pansi pa chitsulocho si pathyathyathya koma anapagoba pang'ono m'litali mwake, kotero kuti chili ndi mbali ziwiri zakuthwa, ya mkati ndi ya kunja. Wosewera akafuna liwiro sakankhira phazi kumbuyo monga achitira wothamanga, koma amalikankhira cham'mbali, mbali yakuthwa ya mkati n'kuluma ayezi. Akafuna kuima amatembenuza mapazi onse awiri chopingasa n'kupendekera kumbuyo, zitsulozo n'kupala ayezi mpaka fumbi loyera kuwazikira m'mwamba, ndipo m'kuphethira kwa diso amakhala atayamba kale kubwerera kumene wachokera, nthawi zina chafutambuyo, maso ali pa mdani, ndodo ili m'manja. Mwana wa ku Finland kapena ku Canada amayamba kuphunzira zimenezi ali ndi zaka zinayi kapena zisanu, kotero kuti pofika zaka 15 saganizanso za mapazi ake, maganizo onse amakhala pa puck. Luso la ndodo munthu angalipeze ngakhale atakula, koma luso la mapazi limafuna zaka zambiri za kugwa ndi kudzuka pa ayezi weniweni, ndipo palibe njira yachidule.

Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 m'bwalo, ndiwo golokipa, otchinga kumbuyo awiri ndi akutsogolo atatu. Chimene chimatisokoneza ife ozolowera mpira wamiyendo ndi kasinthidwe ka osewera, chifukwa sadikira woyimbira kapena kuti masewero aime. Munthu amasewera ndi mphamvu zake zonse kwa mphindi imodzi kapena kuchepera apo, kenaka amathamangira ku benchi, mnzake n'kulumpha khoma kulowa m'bwalo puck ikuyendabe, ndipo timu ikalakwitsa n'kupezeka ndi anthu ochuluka m'bwalo imalangidwa. Chilango chofala ndi cha mphindi ziwiri: wopalamula, kaya wakola mnzake ndi ndodo kapena wamugwetsa, amakakhala m'kachipinda ka pambali, timu yake n'kumasewera yoperewera munthu mmodzi mpaka nthawiyo ithe kapena mpaka adani agoletse. Masewero ambiri amapindulidwa kapena kutayidwa m'mphindi ziwiri zimenezi. Ofusayidi nayo ilipo, koma imayezedwa ndi mizere iwiri yabuluu yogawa bwalo patatu, ndipo lamulo lake ndi lakuti puck iyambe ndiyo kudutsa mzere wa kumbali ya adani wosewera asanadutse. Akuluakulu amasewera zigawo zitatu za mphindi 20, wotchi ikuima nthawi iliyonse pamene woyimbira waimitsa masewero, koma pa mpikisano wa achinyamatawu zigawozo anazifupikitsa kukhala za mphindi 15. Timu imene yatsalira kumbuyo ndi chigoli chimodzi nthawi ili pafupi kutha imatha kutulutsa golokipa n'kulowetsa wakutsogolo wina, golo n'kutsala pululu, ndipo ana akaona zimenezo musadabwe akadzuka m'mipando.

Mwina ena mwa iwo anaonanso makanema a ligi ya NHL ya ku North America, mmene amuna aakulu amataya ndodo n'kuyamba kuponyerana zibakera. Muwauze kuti pa mipikisano ya bungwe la International Ice Hockey Federation, IIHF, limene limayang'anira masewerowa pa dziko lonse, womenyana amatulutsidwa m'bwalo. Osewera osakwana zaka 18 amavala chisoti chokhala ndi chitsulo chotchinga nkhope yonse, ndipo kuyambira pamene wosewera wa ku United States, Adam Johnson, anamwalira ku Sheffield ku England mu Okutobala 2023, atachekedwa pakhosi ndi chitsulo cha nsapato ya wosewera wina, IIHF inalamula kuti pa mipikisano yake aliyense azivala chotetezera khosi.

Za opambana sindichedwapo, chifukwa mayina ake ndi omwe mungayembekezere. Kwa anyamata golide anapita ku Finland mu 2012, ku United States mu 2016, ku Russia mu 2020, ndi ku United States kachiwiri mu 2024. Chodabwitsa pang'ono n'chakuti Canada, kumene masewero oyamba a m'nyumba anachitikira mumzinda wa Montreal pa 3 Malichi 1875, sinatengepo golide wa anyamata m'mipikisano inayi imeneyi. Kwa atsikana Sweden inapambana mu 2012, 2016 ndi 2024, koma mu 2020 inagonja kwa Japan pa masewero omaliza. Ena mwa ana amene anadutsa pamenepa lero ndi akatswiri odziwika: Jack Eichel anasewerera United States ku Innsbruck ndipo mu 2023 anapambana Stanley Cup, chikho chachikulu cha ligi ya NHL, ndi timu ya Vegas Golden Knights, pamene Matvei Michkov, amene anali m'timu ya Russia ku Lausanne, anatengedwa ndi timu ya Philadelphia Flyers ya mu ligi yomweyo. Matimu olowa mu mpikisano waukuluwu amakhala ochepa kwambiri, asanu poyamba paja ndipo asanu ndi imodzi pambuyo pake, ndipo amasankhidwa potengera mmene mayiko awo achitira pa mipikisano ya IIHF, dziko lolandira alendo nalo n'kupatsidwa malo.

Tsopano ndifike pa mbali imene ikukhudza funso lanu kwenikweni. Okonza masewerowa anazindikira kuyambira pachiyambi kuti mpikisano wa matimu asanu kapena asanu ndi imodzi sungatchedwe wa dziko lonse, ndipo akhala akuyesa njira zosiyanasiyana zolowetsera ana a mayiko amene alibe mphamvu pa hockey. Ku Innsbruck ndi ku Lillehammer anakonza mpikisano wa luso la munthu payekha, umene mayiko opanda timu ankatumizako mnyamata mmodzi kapena mtsikana mmodzi. Ankayesedwa pa zinthu 6, monga liwiro pozungulira bwalo, kulunjika pomenya, mphamvu ya kamenyedwe, kupatsira molondola ndi kuyendetsa puck pakati pa zopinga. Mwa njira imeneyi mamendulo a golide anapita ku Latvia ndi ku Netherlands mu 2012, ndi ku Romania ndi ku Japan mu 2016. Inali njira yabwino ndithu, koma mwana amene wakonda masewero a timu, kumuuza kuti azungulire zopinga yekhayekha anzake akusewera masewero enieni pafupi pomwepo, n'kumupatsa theka chabe la chimene anadzera.

Ku Lausanne anachita chinthu china chimene, mwa kuona kwanga, sichinaposedwebe. Anasankha anyamata 104 ndi atsikana 104 ochokera m'mayiko ambiri, atawayesa luso kwawo komweko, n'kuwasakaniza m'matimu 8 a anyamata ndi 8 a atsikana, timu iliyonse ya anthu 13, ndipo matimuwo sankatchedwa mayina a mayiko koma a mitundu ya malaya awo, monga Yachikasu, Yobiriwira, Yakuda ndi Yofiira. Ankasewera atatu kwa atatu, kuwonjezapo golokipa, mopingasa bwalo, kotero kuti masewero awiri ankachitika nthawi imodzi pa ayezi yemweyo. Lipenga linkalira pakatha mphindi iliyonse, ndipo likalira, amene ali m'bwalo ankasiya puck pomwepo n'kutuluka, atatu ena n'kulowa, motero mphunzitsi analibe mpata wobisa mwana wofooka pa benchi kuti katswiri wake azisewera yekha. Taganizirani mwana wa zaka 15 amene wakumana ndi anzake masiku ochepa apitawo, chilankhulo sakumvana bwino, koma ayenera kudziwa kumene mnzakeyo athamangire asanamupatsire. Mtsikana wa ku Mexico, Luisa Wilson, anali m'timu Yachikasu imene inapambana golide, ndipo imeneyo inali mendulo yoyamba ya munthu wa ku Mexico pa masewero a Olimpiki a nyengo yachisanu a mtundu uliwonse. Dziko silinkafunika kukhala ndi ana 13 aluso kuti lioneke nawo, mwana mmodzi anali wokwanira.

Ku Gangwon masewero a atatu kwa atatu anapitirira, koma anabwerera ku matimu a mayiko. Kwa anyamata Latvia inapambana, Denmark n'kukhala yachiwiri, Kazakhstan yachitatu, ndipo kwa atsikana Hungary inagonjetsa eni malo a South Korea, China n'kutenga malo achitatu. Ndikumvetsa chifukwa chake ambiri amakonda dongosolo limeneli, pakuti mwana amafuna kuvala mbendera ya kwawo, ndipo oonera amachemerera dziko mosavuta kuposa kuchemerera mtundu wa malaya. Mayiko monga Mexico, Turkey ndi Australia anapezanso mpata wobweretsa matimu athunthu a atsikana, chimene si chinthu chaching'ono. Koma kwa dziko limene likungoyamba kumene, kusinthaku kunachepetsa khomo, chifukwa kulera mwana mmodzi waluso ndi ntchito ya banja limodzi ndi mphunzitsi mmodzi, pamene kulera timu ndi ntchito ya ligi yonse.

Nanga Africa ili pati pa nkhaniyi? Bungwe la IIHF linakhazikitsidwa ku Paris mu 1908, ndipo South Africa inalowamo kalekale mu 1937. Mpaka lero ili ndi mabwalo m'mizinda monga Johannesburg, Pretoria ndi Cape Town, ndipo matimu ake amasewera m'magawo apansi a mipikisano ya dziko lonse. Morocco inalowa mu 2010, Algeria mu 2019, Tunisia mu 2021, ndipo Kenya mu 2024. Nkhani ya Kenya ndiyo yotiyandikira. Timu yawo ya Ice Lions inakulira pa kabwalo kakang'ono ka m'hotela ya Panari ku Nairobi, ndipo ambiri mwa osewera ake anayambira pa nsapato za mateyala m'misewu ndi m'malo oimikapo magalimoto. Mu 2018 kampani ya Tim Hortons inawatengera ku Canada kumene anasewera pamodzi ndi akatswiri a ku Canada, Sidney Crosby ndi Nathan MacKinnon, ndipo dziko lonse linawadziwa. Komabe onani kutalika kwa ulendowo: bwalo linatsegulidwa mu 2005, umembala unabwera patapita zaka 19, ndipo umembala ndi chiyambi chabe, sikuti ukalowa lero mawa uli pa Olimpiki. Zambia si membala wa IIHF, ndipo sinatumizepo wopikisana aliyense ku Olimpiki ya nyengo yachisanu.

Mamendulo a nyengo yachisanu anabwerapo ku Africa kudzera pa masewero a achinyamata omwewa, ngakhale kuti si pa hockey. Adam Lamhamedi anapambanira Morocco golide pa mpikisano wotsetsereka paphiri ku Innsbruck mu 2012, ndipo Jonathan Lourimi anatengera Tunisia siliva pa ngolo ya munthu mmodzi yotsetsereka pa ayezi ku Gangwon mu 2024. Lamhamedi anabadwira ndi kukulira ku Canada, ndipo umo ndi mmene mayiko otentha ambiri amapezera owaimira pa masewero oterewa, kudzera mwa ana a nzika zawo zokhala kunja. Mwana wa Mzambia wokulira ku Toronto kapena ku Stockholm angathe kusewera hockey bwino lomwe, koma kuti avale malaya a Zambia pafunika kuti kuno kwathu kukhale bungwe lovomerezeka ndi IIHF, ndipo National Olympic Committee of Zambia ndiyo ingamulembetse. Pa dongosolo la matimu a mayiko, iye yekha sangakwanire.

Za bwalo, anthu amaganiza kuti vuto ndi kumanga, koma vuto lalikulu ndi kusunga. Pansi pa ayezi pamakhala simenti yoyalidwa pa mapaipi ambirimbiri, mmene mumayenda madzi osakaniza ndi mchere kapena mankhwala oletsa kuundana, amene makina amawaziziritsa usana ndi usiku kuti ayezi, wochindikala masentimita atatu kapena anayi okha, akhale pa madigiri pafupifupi 5 pansi pa ziro. Mpweya wa m'nyumbamo nawo uyenera kuumitsidwa, apo ayi nkhungu imadzaza bwalo ndipo madontho amagwa kuchokera kudenga. Pakati pa zigawo za masewero pamadutsa galimoto yapadera imene Frank Zamboni anaipanga ku California mu 1949, imene imapala pamwamba pa ayezi n'kuthirapo madzi otentha kuti paundanenso mosalala. Zonsezi zimadya magetsi osaleka. Tonse tikukumbukira chilala cha 2024, madzi atatsika ku Kariba, mmene magetsi ankazimira kwa maola ambiri patsiku m'dziko lonse. Bwalo la ayezi m'nyengo yotero likanafuna jenereta yoyaka mosalekeza, apo ayi likanasanduka dziwe. Kuzizira kwathu kwa mu Juni ndi Julaye, kumene kumatichititsa kuotha mbaula m'mawa, sikufika n'komwe pafupi ndi ziro kuno ku Chipata. Onjezanipo mtengo wa nsapato, chisoti, magolovesi, zotetezera mapewa, zigongono ndi miyendo, ndi ndodo zimene zimathyoka, zonse zoitanitsa kunja, ndiponso zimene mwana wokula amazisiya pakatha chaka kapena ziwiri. Ngakhale ku Canada makolo ambiri amadandaula kuti masewerowa akhala a anthu opeza bwino. Munthu atabwera kwa ine ndi ndalama zomangira bwalo lotere kuno Kum'mawa, ndingamupemphe kuti ayambe wakonza mabwalo a masukulu athu.

Koma musawasiye ana anu pamenepo, Aphunzitsi, chifukwa pali nkhani imene ambiri kuno kwathu saidziwa kapena anaiwala: Zambia inasewerapo hockey pa Olimpiki ya achinyamata, ndipo inachita bwino. Ndikunena hockey ya pabwalo louma, ya anthu asanu mbali iliyonse, yotchedwa Hockey5s, imene imaseweredwa pa masewero a nyengo yotentha. Matimu athu anali ku Nanjing ku China mu 2014, chaka chomwe Sydney Siame anapambana golide pa mtunda wa mamita 100, ndipo ku Buenos Aires ku Argentina mu 2018 anyamata athu anafika m'ndime ya matimu anayi omaliza. Anagonja kwa Malaysia, imene inatenga golide, kenaka kwa eni malo pa masewero olimbirana malo achitatu, n'kumaliza pa nambala 4. Zimenezi sizinagwe kumwamba ayi. Mu 2010 ku Lusaka kunatsegulidwa Olympic Youth Development Centre, imene IOC inathandiza kumanga, ndipo pa mwambowo panali Jacques Rogge yemwe uja pamodzi ndi a Rupiah Banda, amene kwawo kunali kuno Kum'mawa. Pamalopo pali bwalo la hockey la kapinga wopanga, ndipo ana a m'makomboni oyandikana nalo, amene anali asanagwirepo ndodo yotere, m'zaka zosakwana khumi anali kupikisana ndi mayiko amene akhala akusewera kwa zaka zoposa zana. Umenewu ndi umboni wakuti bwalo limodzi ndi aphunzitsi okhazikika zimasintha zinthu, ndiponso wakuti chimene chikusowa pa hockey ya pa ayezi si ana aluso.

Masewero awiriwa ndi osiyana, ndipo mabungwe owayendetsa ndi osiyananso. Pa hockey ya pabwalo louma amagwiritsa ntchito mpira wolimba, ndodo ndi yaifupi ndipo amamenyera mbali yake yathyathyathya yokha, komanso mpira suloledwa kukhudza phazi la wosewera kupatula golokipa. Komabe Hockey5s ili ndi matabwa ozungulira bwalo amene amabweza mpira, ili ndi liwiro, ili ndi kusinthana kosadikira, ndipo mwana amene wakopeka ndi kanema uja adzapeza mmenemo zambiri za zimene zinamukopa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndiyenera kunenanso kuti pa masewero a ku Dakar ku Senegal a 2026, amene ndi mpikisano woyamba wa Olimpiki kuperekedwa ku Africa, hockey sinaikidwe pa mndandanda wa masewero opikisanirana mamendulo, kotero musawalonjeze ana ulendo wa pafupi. Koma mipikisano ya Africa ndi ya dziko lonse ya Hockey5s ilipo, ndipo njira yopitira kumeneko imadutsa ku Lusaka, osati ku Helsinki ku Finland.

Chimene mungachite pa sukulu panu teremu ino n'chosavuta. Bwalo la netibo, la mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, likukwana bwino masewero a atatu kwa atatu. Gonekani matabwa kapena milimo yowongoka m'mbali mwake kuti izibweza mpira, ndipo kalipentala wa pa boma angakusemereni ndodo zoyambira ngati mutamuonetsa chithunzi. Yambani ndi mpira wa tenesi, osati mpira wolimba, ndipo lamulo loyamba, limene musalinyengerere ngakhale tsiku limodzi, likhale lakuti mutu wa ndodo usakwere kupitirira bondo, chifukwa ana anu alibe zisoti ndipo dzino la mwana wa zaka 15 likachoka silimeranso. Kenaka bwerekani dongosolo la ku Lausanne lonse lathunthu: sakanizani ana a makalasi osiyanasiyana, tchulani matimu mayina a mitundu, imbani wezulo pakatha mphindi iliyonse kuti atatu atuluke atatu alowe, ndipo atsikana apatsidwe nthawi yofanana ndi ya anyamata. M'kalasi la ana 60, mmene pa mpira wamiyendo amasewera 22 ena onse n'kumaonerera pansi pa mtengo, njira imeneyi imapatsa aliyense thukuta lake mu piriyodi imodzi.

Mukaona kuti ana agwira, lemberani kalata a National Olympic Committee of Zambia kapena bungwe loyendetsa hockey m'dziko muno, kudzera ku ofesi ya zamaphunziro ya pa boma, kupempha ndodo zenizeni ndi maphunziro a uphunzitsi wa masewerowa. M'kalatamo mulembe chiwerengero cha ana amene akusewera kale, anyamata ndi atsikana payokha, masiku amene mumakumana, ndipo muikemo zithunzi za bwalo lanu la matabwa, chifukwa mabungwe otere amalandira makalata ambiri a anthu ofuna kuyamba, koma ochepa a anthu amene anayamba kale.